Zala za Singano

M'nyumba mwa makolo a Singano munalibe nthochi imene inkadyedwa isanachitidwe opaleshoni. Kale bambo ake ndiwo ankaicheka khungu ndi lezala kuti mwana wawo aphunzirirepo kusoka mabala, koma masiku amenewa ankangomukankhira mbale pa tebulo la kukhitchini, n'kuima kumbuyo kwake manja ali m'matumba.

"Cheka, usoke," iwo anatero m'mawa umenewo.

Singano anali atangofika kumene kuchokera kuchipatala, maso ali psuu ndi tulo. Sanatsutse. Anacheka nthochiyo, natenga kasingano kopindika ndi kachitsulo kopanira, n'kuyamba ntchito. Khungu la nthochi limang'ambika ukangolikoka mwamphamvu, ndiye limaphunzitsa munthu kufatsa. Zala zake zinkangodziyendera zokha, mutu uli kwina. Posakhalitsa balalo linali litatsekeka, mfundo zake zili ndandanda.

Bambo ake anawerama n'kuyang'anitsitsa. "Waona? Ngakhale abwana a maopaleshoni sangasoke chonchi. Zala zimenezi Mulungu sanalakwitse nazo khomo."

"Ine ndatopa nazo nthochi zazipsera," anatero mayi ake akuthira tiyi. "Mwana wachezera kuntchito, m'malo momupatsa bulangeti mukumupatsa wodwala wina. Kodi ameneyo mumugoneka wodi iti?"

Singano anaseka pofuna kusangalatsa mayi ake, koma kusekako sikunatsike kufika mumtima.

Dzina lakuti Singano anamupatsa ndi anzake kusukulu ya udokotala chifukwa cha luso lake losoka mabala, ndipo linamukakamira mpaka makolo ake omwe anayamba kumuitana choncho. Digiri yoyamba anali atamaliza, n'kugwirako ntchito pachipatala chachikulu ngati dokotala wamng'ono. Tsopano inakwana nthawi ya digiri yachiwiri, imene imanena kuti munthu adzakhala dokotala wa chiyani moyo wake wonse: wa ana, wa maso, wa amayi oyembekezera, wa maopaleshoni, kaya wa matenda a maganizo. Tsiku lokaonekera kwa akuluakulu a sukulu linali pafupi. Nthambi iliyonse inkakhala m'chipinda chake m'mawa umodzimodzi, ndipo munthu ankaloledwa kulowa khomo limodzi lokha.

Kwa bambo ake, khomolo linali lodziwika kuyambira mwanayo ali kupulayimale. Iwo anagwira ntchito ku thiyeta, chipinda chochitira maopaleshoni, mpaka kupuma, koma sanali dokotala. Anali wothandizira. Ankapatsira zitsulo, ankagwira bala kuti likhale lotseguka, ndipo dokotala akamaliza zikuluzikulu n'kuvula magolovesi, iwo ndiwo ankatsala kusoka khungu. Odwala akachira ankathokoza dokotala, uku akusisita chipsera chokongola chimene anasoka munthu amene sankamudziwa n'komwe. Bambowo sankadandaula pagulu. Anangolumbira chamumtima kuti mwana wawo adzaima mbali inayo ya tebulo, mbali ya mwini mpeni.

Vuto linali lakuti Singano sankaufuna mpeniwo. Ankautha, inde, kuposa anzake onse, ndipo kuutha kumeneko ndiko kunamumanga. Ukalephera chinthu anthu amakumasula msanga, koma ukachitha aliyense amasanduka mlonda wako. Chimene iye ankafuna chinali kuphunzira za matenda a maganizo, ndipo kunyumba anali asanauze munthu.

Akanatha kunena kalekale pakanapanda chinthu china chimene anaona. Bambo ake akamayenda, mkono wawo wamanja sunkagwedezekanso, unkangolendewera. Akakhala phee pa mpando, chala chachikulu chinkapekesana ndi chinzake ngati akupota ulusi. Kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri. Singano sanafunikire buku kuti adziwe. Anali matenda a muubongo onjenjemeretsa manja, amene mankhwala amangowachepetsa koma osawachiza. Anadziwanso kuti bambo ake, munthu wokalambira m'chipatala, akuwadziwa bwino lomwe ndipo akubisa dala. Mayi ake atafunsa tsiku lina, anayankhidwa kuti ndi kuzizira chabe, ndipo anakhulupirira. M'nyumba ya anthu awiri achipatala, iwo anali ndani kuti atsutse?

Ndiye Singano akanayambira pati? Munthu amene manja ake akumuthawa, ungamuuze kuti manja amene akuwadalira nawonso akukana?

Tsiku lotsatira, abwana, mkulu wa madokotala a maopaleshoni, ankaona odwala obwera kudzaonetsa mabala. Anali munthu wamtali, wa mawu ngati wailesi yotsegulidwa mpaka kumapeto, ndipo ndi amene bambo a Singano anawatumikira zaka zambiri. Kunalowa kalipentala wina amene makina ochekera matabwa anamung'amba chikhatho miyezi ingapo m'mbuyomo. Amene anamusoka anali Singano.

"Pindani zala. Tambasulani. Gwirani cholembera ichi." Abwana anatembenuza dzanjalo uku ndi uku, n'kukodola ophunzira kuti ayandikire. "Taonani ntchito! Chipsera mpaka uchite kuchifunafuna. Bambo, mwachira. Pitani mukakhome mipando."

"Zikomo," anatero kalipentala, koma sanadzuke msanga. Anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana gulu la ophunzira lija, n'kutsekanso.

"Wotsatira!" anafuula abwana.

Masana, Singano akupita kukadya, anamupeza munthu uja atakhala pa benchi pafupi ndi geti, chipewa chili m'manja, akuyang'ana nyerere pansi.

"Bambo, basi yakusiyani?"

"Ayi, adokotala. Ndikungodikira dzuwa lipendeke."

"Kuti zitani?"

"Kuti ndikafike kunyumba nthawi yoweruka."

Singano anakhala pambali pake. Sanafunsenso kanthu. Anali ataphunzira kuti munthu ukamusiyira mpata, mawu amabwera okha, ndipo anabweradi.

"Dzanja munalisoka bwino, sindinama. Koma kuntchito sindinapondekonso. Ndimadzuka m'mawa, akazi anga amandipakira chakudya, ndimanyamuka. Ndikangofika tsidya la msewu n'kumva makina aja akulira, miyendo imasanduka madzi. Thukuta kamukamu, mtima gugugu, ngati ndifera pomwepo. Ndiye ndimakakhala pa siteji ya basi mpaka madzulo, n'kumaonerera anthu akukwera ndi kutsika." Anaseka pang'ono, kuseka kwa manyazi. "Bambo wandevu ngati ine kuopa chitsulo! Ndikauza anzanga andiseka. Ndikanena kunyumba ati ndi ulesi."

"Si ulesi," anatero Singano. "Ndipo si inu nokha. Zimachitika munthu akapulumuka pangozi yoopsa. Ndi matenda, ndipo amathandizika."

"Ndi matenda?" Kalipentala anadzutsa mutu, nkhope yake n'kumasuka ngati wauzidwa uthenga wabwino. "Ndiye kuti sindinapenge?"

"Simunapenge. Tiyeni ndikuperekezeni kwa munthu wina."

Anapita naye kukanyumba ka kumapeto kwenikweni kwa chipatala, kuseri kwa kochapira, kumene nsalu za pabedi zinkauluka pa zingwe. Anthu a pachipatalapo ankangoti "kwa amisala", ndipo dokotala wa kumeneko, mayi wamfupi wosafulumira polankhula, anamupatsa dzina lakuti a Makutu, ati poti ntchito yawo inali kungomvetsera. M'chipinda mwawo munalibe makina ngakhale amodzi. Munali mipando, zenera, ndi kabokosi ka mapepala opukutira misozi. Kwa miyezi yambiri Singano ankazembera kumeneko nthawi yopuma, ngati mwana wothawa kalasi kukaonera mpira, ndipo ndi kokhako kumene sankayang'ana wotchi.

Kalipentala analola kuti Singano akhale nawo. Analankhula, analira, anapatsidwa tsiku lobweranso, ndipo potuluka ananena kuti madzulo omwewo akawauza akazi ake zoona. Chipewa anachivala ali pakhomo.

"Mlendo wathu wosalembetsa," anatero a Makutu atatsala awiri. "Tsiku lija layandikira. Ulowa khomo liti?"

"Simukuwadziwa bambo anga."

"Sindikuwadziwa, ndikudziwa iwe. Kuno malo alipo, sitilimbirana ngati kwa anzathu a mipeni. Koma sindingakukokere. Ubwere ndi miyendo yako."

Pobwerera anakumana ndi abwana pa masitepe.

"Iwe Singano, unali kuti? Ndamva kuti umakonda kukacheza kwa amisala. Zala zimenezo ukufuna ukazipinde pamiyendo, uzingogwedeza mutu tsiku lonse?" Anaseka chikhakhali mpaka anamwino awiri anacheuka. "Bambo ako anandiimbira foni dzulo. Ndawauza kuti asade nkhawa, malo ako ndasunga kale. Ukangolowa, kupereka moni, basi zatha."

"Zikomo, abwana," anatero Singano.

Lamlungu masana anatsimikiza mtima kuti anena. Anayeseza mawu ake kubafa, anayesezanso akupukuta mbale. Polowa pabalaza anapeza bambo ake akumudikira, katoni ili patebulo.

"Tsegula."

Munali nsapato zoyera za ku thiyeta, zatsopano, zonunkhira mphira.

"Ku thiyeta munthu amaima maola ambiri," anatero bambowo. "Ena amaganiza kuti opaleshoni imachitidwa ndi manja okha. Imayambira kumapazi. Tayesa."

Zinamukwana ndendende. Ndiye kuti bambo ake anachita kuba nsapato yake ina n'kupita nayo kusitolo. Singano anayenda nazo kuchoka pazenera kufika pachitseko, akumva ngati zikulemera kuposa njerwa.

"Bambo," anayamba, "dzana ndinali ndi dokotala uja wa matenda a maganizo. Pali wodwala wina amene…"

"A Makutu?" Bambo ake anapukusa mutu akumwetulira. "Munthu wabwino, koma kuja kumapita amene manja anawakana. Madokotala ocheza. Ukawafunsa madzulo kuti mwachita chiyani lero, alibe choloza. Ife tikatsegula munthu n'kumutseka, aliyense amaona."

"Koma pali ena amene timawatseka bwinobwino, n'kupita kwawo asanachire."

"Zimenezo ndi za abale awo ndi abusa. Iwe uli ndi mphatso." Anatambasula dzanja kuti atenge kapu, ndipo kapuyo inalira pa sosala, ngwe ngwe ngwe, mpaka anaigwira ndi dzanja linalo. Anayang'ana mwana wawo mwachangu kuti aone ngati waona. Singano anali atagwetsa kale maso pa nsapato zija.

"Sindikupempha zambiri, mwanawe," anapitiriza motsitsa mawu. "Ndikungofuna ndikuone waima pamalo paja ndikadali ndi mphamvu zoombera m'manja. Umati chiyani za wodwala uja?"

"Palibe, Bambo. Nsapatozi ndi zabwino."

Anatuluka panja n'kupeza mayi ake akuanula zovala. Mayiwo anamuyang'ana kamodzi kokha, n'kumuponyera mulu wa matawulo kuti apinde.

"Nkhope imeneyo si ya munthu amene wagulidwira nsapato. Sukufuna, eti?"

Singano anapinda tawulo, n'kulipindanso mpaka linasanduka kampira.

"Ndinakubala ndine, iwe. Ukamachokera ku thiyeta umalowa m'nyumba ngati wochokera kumaliro. Auze bambo ako. Akwiya, afufuma, asiya kudya tsiku limodzi, kenaka njala iwabweza. Ndakhala nawo zaka zonsezi, sanaphepo munthu."

"Sindingathe, Amayi."

"Chifukwa?"

Pamenepa ndiye panali pothina. Kuti ayankhe, anayenera kuulula matenda amene mwini wake ankawabisa ngakhale kwa mkazi wake. Chinsinsi cha wodwala sichiululidwa, anatero aphunzitsi ake kuyambira chaka choyamba, nanga wodwalayo akakhala bambo ako? Kutsogolo kunali bambo, kumbuyo kunali mayi, pakati iye ndi nsapato zoyera kumapazi.

"Ndangotopa," iye anatero.

"Hmm," anatero mayi ake, ndipo "hmm" ameneyo anali wautali kuposa chingwe choyanikira.

Tsiku lija linafika. Singano anavala, anapesa tsitsi, n'kukhala kukhitchini osakhudza chakudya. Anali atagonja. Akalowa kwa abwana, akapereka moni, basi. Bambo ake anali atanena kuti amuperekeza mpaka pakhomo, atavala malaya awo oyera a zikondwerero, koma nthawi inkapita ndipo chitseko cha kuchipinda chinali chitsekere.

"Kawaone," anatero mayi ake. "Akudzikongoletsa ngati akukafunsidwa ndi iwowo."

Singano anagogoda, osayankhidwa, ndipo anakankha chitseko pang'onopang'ono. Bambo ake anali atakhala m'mphepete mwa bedi, malaya ali pululu pachifuwa. Batani limodzi lokha ndi limene linali litalowa, ndipo linalowa pabowo lolakwika. Zala zawo zinkalimbana ndi lachiwiri, zikuligwira, likupulumuka, zikuligwiranso. Pamphumi panali thukuta. Atamuona anabisa dzanja kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga.

"Mabatani a masiku ano ndi aang'ono," iwo anatero. "Tuluka, ndikubwera."

Singano sanatuluke. Anatseka chitseko, anagwada patsogolo pawo, anamasula batani lolakwika lija n'kuyamba kumanga kuchokera pansi. Atafika pakhosi anagwira dzanja lobisidwa lija n'kulibweretsa kutsogolo. Linkanjenjemera m'manja mwake ngati kamwana ka nkhuku konyowa.

"Bambo, si kuzizira. Ndi matenda a Pakinisoni. Inu mukudziwa, inenso ndikudziwa."

Kukhitchini kunkamveka mayi ake akutsuka makapu.

"Unadziwa liti?"

"Chaka chatha. Mkono wanu unasiya kugwedezeka poyenda."

"Ndiye osanena?"

"Nanga inu osanena?"

"Ine ndinali ndi chifukwa!" Mawu awo anakwera, kenaka anatsika. "Maphunziro a maopaleshoni ndi zaka zambiri, munthu umagona kuchipatala, kwanu umangopitako ngati mlendo. Ndinkadziwa kuti ukamva kuti ndikudwala, unena kuti ndikhale pafupi ndi bambo, n'kutaya mwayi wako. Ndinati ayambe walowa, zinazo adzamva pambuyo."

Singano anaseka, misozi ikutsika nthawi yomweyo. "Bambo, inetu ndikupita kumeneko chifukwa choti ndikudziwa kuti mukudwala. Ndinati sindingawakhumudwitse pamene ali chonchi."

Bambo ake anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene wawerenga chithunzi cha mafupa chozondoka ndipo wangochitembenuza kumene.

"Ndiye kuti sukufuna?"

"Sindikufuna. Ndimatha, koma sindikufuna. Ndikufuna kwa a Makutu."

Anabweza dzanja lawo. Nkhope inauma, ndipo Singano anayembekezera mkuntho. Koma anangoyang'ana dzanjalo likudzivinira lokha pabondo.

"Manja amenewa ndi okhawo amene ndinali nawo," anatero patapita nthawi. "Ndinalibe digiri. Ndinalibe ofesi yolembedwa dzina pachitseko. Koma ndikalowa ku thiyeta, madokotala ankapuma bwino. Tsopano batani la malaya likundigonjetsa."

Singano anakhala pansi pomwepo, natsamira bedi. Sanawauze kuti zikhala bwino. Sanatchule mankhwala. Anangoti, "Ndikumva, Bambo."

Ndipo bambowo, amene sanadandaulepo pamaso pa mwana, anamasuka ngati mpopi umene unakhalitsa wotseka. Ananena kuti m'mawa uliwonse amayamba ayang'ana dzanjalo, kuona ngati lasiya usiku. Ananena kuti anasiya kupita kukacheza ndi anzawo akale, chifukwa anthu achipatala akangogwirana nawe chanza adziwa. Ananena kuti amaopa tsiku limene mkazi wawo adzawadyetse ndi supuni, ndipo kuti masiku ena akatsala okha m'nyumba amakhala pa mpando kuyambira m'mawa mpaka masana, osaona chifukwa chodzukira. Ananena zambiri, zina zobwereza, zina zosamveka chifukwa cha kulira. Singano ankangofunsa apa ndi apo, mofatsa, n'kuwasiya apitirize.

Atamaliza anapuma mozama, n'kupukuta nkhope ndi mkono wa malaya oyera aja.

"Chaka chonse ndakhala ngati ndameza mwala," iwo anatero. "Wapita kuti?"

"Ulipo. Wangochepa poti mwaunyamula ndi munthu wina."

Anamuyang'ana cham'mbali. "Ndiye ntchito yake ndi imeneyi? Imene wandichitayi?"

"Chiyambi chake. Zinazo ndiye ndikufuna ndikaphunzire."

"Popanda chosoka."

"Popanda chosoka, Bambo."

Chitseko chinatseguka mwamphamvu. Mayi ake anali ataima pamenepo, kansalu kopukutira mbale kali m'manja, maso ali ofiira. Anali atamva zokwanira.

"Anthu awiri achipatala m'nyumba imodzi," iwo anatero, "wodwala n'kumachizidwa pobisa manja m'matumba a buluku! Ine n'kumakuwonjezerani mabulangeti ngati chitsiru, ati kuzizira! Mukabwerako mundifotokozera bwino nonse awiri. Panopa nyamukani, mwachedwa."

M'basi bambo ake ankangoyang'ana pazenera, ndipo Singano sanadziwe ngati akwiya, ngati akuganiza, kapena ngati akafika adzamugwira pamkono n'kumulowetsa okha kwa abwana. Mumtima anali atavomera kuti akatero, iye sadzalimbana nawo pagulu.

Khonde la sukulu linali lodzaza ndi madokotala achinyamata ovala bwino, aliyense atakumbatira mapepala ake. Pakhomo la maopaleshoni panali mzere mpaka pa masitepe. Pakhomo la kumapeto, la matenda a maganizo, panali mipando itatu, ndipo iwiri inali yopanda anthu.

Abwana anatulukira mumzere uja manja ali tambasu. "Aa, mkulu wanga! Mwatibweretsera munthu wathu?"

Anagwirana chanza. Abwana anatsitsa maso pa dzanja limene linkanjenjemera m'dzanja lawo, ndipo kumwetulira kwawo kunazima pang'ono, koma bambo a Singano sanalibweze.

"Ayi, abwana," iwo anatero. "Ndangomuperekeza. Akulowa uko."

Abwana anatsatira kumene ankalozako, n'kubwerera ndi maso odabwa. "Kwa a Makutu? Mkulu wanga, mukudziwa chimene mukutaya?"

"Ndikudziwa kuposa inu. Zala zimenezo ndinaziphunzitsa ndine. Koma ndi zake, abwana. Ine ndinali ndi zanga."

Abwana anangosisita phewa la mnzawo wakaleyo, n'kubwerera m'chipinda mwawo.

Bambo ake anakhala pa benchi ya m'khondemo mwapang'onopang'ono. Maso awo anali onyowa, ndipo sanayese kubisa.

"Zikundiwawa, usaganize kuti sizikundiwawa," anamuuza. "Koma pita. Ukatuluka undipeza pompano, undiperekeze kwa dokotala. Nanenso ndachedwa."

Singano anafuna kunena kanthu, koma bambo ake anamukankha pang'ono pamsana, monga ankachitira pa geti la sukulu ali wamng'ono. Anadutsa mzere wonse wa maopaleshoni anzake akumucheukira, ena akunong'onezana, mpaka anafika pakhomo la kumapeto. Anapukuta m'maso, n'kugogoda.